Mmene Lamulo Limafufuzidwira

M'mapulazi a ku Ruwa, kum'mawa kwa Harare ku Zimbabwe, muli anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito kwa Azungu. Ndipo ngakhale iwo anabadwira m'komboni, nakulira momwemo, naika makolo awo m'nthaka yomweyo, chitupa chawo chinalembedwa chilembo cha A, ndiko kunena kuti mlendo. Munthu wotere akafunsa kuti, "Kodi ine ndine nzika ya dziko lino?" sayankhidwa ndi mphekesera za pachitsime ayi, koma ndi ntchito yofufuza malamulo.

Wofufuza amasanja malamulo monga mwa ukulu wake ndi zaka zake, pakuti lamulo latsopano limafafaniza lakale, ndipo laling'ono silingatsutse lalikulu. Adzapeza kuti m'chaka cha 2001 nyumba ya malamulo inalamula kuti wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane m'miyezi 6, ndi kuti ana ambiri a Amalawi anataya unzika pamenepo, angakhale amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Ntcheu. Wofulumira akhoza kutsekera buku pomwepo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatsegula malamulo aakulu oyendetsera dziko a 2013, amene aposa ena onse, adzawerenga pa gawo 43 kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe tsiku la 22 May 2013 lisanafike, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ali nzika yobadwa, malinga ngati pa tsikulo anali kukhala m'dzikomo.

Atatero, amafunafuna zigamulo za makhoti, popeza mawu a lamulo amamveka bwino woweruza akawayesa pa mlandu weniweni. Pa mlandu wa Mutumwa Mawere, m'chaka cha 2013, khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti nzika yobadwa sitaya unzika wake chifukwa chokhala ndi wa dziko lina.

Komatu buku silinena zonse. Wofufuza wanzeru amapitanso kukomboni, nakhala pamphasa, nafunsa gogo chifukwa chake mdzukulu alibe kalata ya kubadwa kufikira lero; pamenepo amamva za mtengo wa basi, za mboni zimene zinamwalira, za mapepala amene anatayika pamene anthu anachotsedwa m'mapulazi kuyambira 2000.

Ophunzira amatsutsana ngati ntchito imeneyi iyenera kutchedwa sayansi. Ena amati lamulo siliyezedwa pasikelo monga fodya, ndipo maloya awiri akhoza kuwerenga ndime imodzi nasiyana. Ife tiona kuti akunena zoona, koma osati zonse, chifukwa wofufuza woona amatchula dzina la lamulo, chaka chake ndi gawo lake, kotero kuti inunso, mutadziwa kuwerenga, mukhoza kupempha buku la malamulo aakulu a 2013 ku ofesi ya bungwe la Legal Resources Foundation, kutsegula pa gawo 43, ndi kumutsutsa ngati wanama.