Chifuwa chosatha koma si TB: dziwani za matenda a zipsera m'mapapo

Kodi pakhomo panu pali munthu amene wakhala akutsokomola kwa miyezi, makhololo anayezedwa koma TB sinapezeke? Kapena anamaliza mankhwala a TB a miyezi 6 koma kubanika kukungokulirakulira? Musagwe ulesi, bwererani naye kuchipatala.

Matendawa ndi otani?

Madokotala amawatchula kuti interstitial lung disease, mwachidule ILD. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono tomwe timalowetsa mpweya wa okosijeni m'magazi. Minofu yozungulira timatumbati ikatupa n'kupanga zipsera, mapapo amauma ngati chikopa choyanikidwa padzuwa, ndipo mpweya umalowa m'magazi movutikira. Matendawa sapatsirana, komanso si olodzedwa. Idyani naye limodzi wodwalayo, musamusale.

Zizindikiro zake

• Kuchita befu pokwera kachitunda, potunga madzi kapena pothyola tiyi. Kenako ngakhale posamba.
• Chifuwa chouma, chopanda makhololo.
• Kutopa msanga ndi kuwonda.
• Nsonga za zala kufufuma, zikhadabo n'kupindikira kutsogolo.

Chimawayambitsa n'chiyani?

• Fumbi la miyala. Ophwanya miyala komanso abambo amene anagwirako ntchito m'migodi ya golide ku Joni kudzera ku bungwe la TEBA akhoza kudwala mtundu wa matendawa wotchedwa silicosis, ngakhale patapita zaka 20 kapena 30 chisiyireni ntchitoyo. Silicosis imachititsanso kuti munthu agwidwe TB mosavuta.
• Fumbi la chimanga chochita chuku, ndi la nthenga ndi zitosi za nkhunda kapena nkhuku.
• Matenda ena a nyamakazi otupitsa mfundo za m'manja.
• Kusuta fodya.

Kwa anthu ena choyambitsa sichidziwika.

Kuchipatala muyenda bwanji?

1. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, monga Chonde, Chambe kapena Muloza m'boma la Mulanje. Adzayamba ayeza TB ndi HIV, chifukwa zizindikiro zimafanana.
2. Ngati sizikusintha, pemphani kalata yopitira ku chipatala cha boma cha Mulanje kapena ku Mulanje Mission. Kumeneko adzakujambulani m'chifuwa, adzamvetsera kapumidwe kanu kumsana, n'kukupanani chala ndi kachipangizo koyeza okosijeni m'magazi.
3. Akakayikira zipsera, adzakutumizani kwa madokotala akuluakulu ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Iwo angafune chithunzi cha CT scan, chomwe chimaonetsa mapapo bwino kuposa X-ray, kuyeza magazi, ndi kuyeza mphamvu ya mapapo pokuuziritsani mpweya m'kapaipi.

Nyamulani kabuku kanu kakuchipatala, zithunzi zakale za X-ray ndi mankhwala onse amene mukumwa. Auzeni adokotala ntchito zonse zimene munagwirapo kuyambira muli achinyamata, ngakhale maganyu. Nthawi zambiri yankho limabisala m'menemo.

Chithandizo chilipo

Zipsera zikakhwima sizifufutika, koma matenda akadziwika msanga akhoza kuchedwetsedwa. Mitundu ina imamva mankhwala ochepetsa kutupa monga prednisolone. Chonde musagule nokha mankhwalawa: amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo ngati muli ndi TB yobisika akhoza kuikulitsa. Ena amafunika okosijeni. Kubanika kukafika povuta, a chisamaliro cha odwala matenda amgonagona, monga a Tiyanjane ku Queen Elizabeth, ali ndi mankhwala othandiza kupuma mwa mtendere.

Zimene mungachite pakhomo

• Wodwala asiye fodya ndipo asakhale m'khitchini mofuka utsi.
• Asatong'ole kapena kupeta chimanga, asasese m'khola. Wazani madzi musanasese.
• Aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, akupumira. Kungogona kumafooketsa thupi.
• Akabanika, akhale pampando ataweramira kutsogolo, zigongono pamaondo, akoke mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono pakamwa ngati akuimba mluzu.

Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngati akubanika atangokhala, milomo yasintha mtundu, thupi latentha kapena akutsokomola magazi.

Kwa amene anapita ku migodi

Bungwe la Tshiamiso Trust la ku South Africa limapereka chipukutamisozi kwa odwala silicosis kapena TB amene anagwira ntchito m'migodi ina ya golide pakati pa 1965 ndi 2019, kapena kwa mabanja awo ngati anamwalira. Sungani bwino makhadi a ku mgodi ndi mapepala akuchipatala, ndipo musapatse munthu ndalama kuti akuyendetsereni nkhaniyi.

Muli ndi mafunso? Funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu lero.