Fizikisi ya galimoto ya ex-Japan: zoti muone ndalama isanatuluke m'thumba

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene mumawaona mu Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu sanagulidwe ali atsopano. Ma Vitz, ma Passo, ma Honda Fit, ma Sienta amene amanyamula anthu m'misewu yathu, ambiri mwa iwo anayamba ayenda zaka zingapo ku Japan, kenako anakwera sitima yapamadzi mpaka ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. Ku Japan galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kodula. N'chifukwa chake ena amangoigulitsa idakali bwino. Koma si onse. Ena amagulitsa chifukwa yawatopetsa.

Tsiku lina bambo anu, achemwali anu kapena amalume adzanena kuti ndalama za fodya zakwana, kapena ngongole ya ku SACCO yatuluka, akufuna galimoto yawo yoyamba. Imeneyo ndi ndalama ya zaka zambiri, mwinanso fizi yanu ili momwemo. Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 musadzangokhala phee kudikira kukwera kutsogolo. Zimene mumalemba m'kope la Fizikisi zingapulumutse banja lanu ku galimoto yongodya ndalama.

Mfundo yake ndi imodzi. Galimoto ndi makina osintha mphamvu: mphamvu ya mu petulo imasanduka kutentha, kutenthako n'kusanduka kuyenda. Paja tinaphunzira kuti mphamvu siipangidwa ndipo siiwonongeka, imangosintha maonekedwe. Choncho galimoto ikatopa, mphamvu imene ikanayendetsa matayala imatulukira kwina: utsi, phokoso, kunjenjemera, kutentha kopyola muyezo. Wogulitsa akhoza kutsuka galimoto mpaka kuwala, koma mphamvu yothawayo sangaibise.

Yambani ndi matayala, osati wailesi

Tiyerekeze Vitz yolemera makilogalamu 1,000. Kinetic energy yake ndi ½mv². Ikamathamanga makilomita 50 pa ola, amene ndi mamita 13.9 pa sekondi, ili ndi majoule pafupifupi 96,500. Ikafika pa 100, majoule amakwana pafupifupi 386,000. Taonani bwino: liwiro lawirikiza kawiri, koma mphamvu yawirikiza kanayi, chifukwa cha ka 2 kali pamwamba pa v kaja. Kuti galimoto iime, mphamvu yonseyo iyenera kusanduka kutentha m'mabuleki ndi m'matayala. Majoule 386,000 ndi okwanira kutenthetsa madzi oposa lita imodzi kuchoka pa 25°C kufika pa 100°C. Tiyi wa banja lonse, m'masekondi ochepa chabe.

Nanga chimagwira msewu n'chiyani? Tayala lililonse limakhudza pansi pamalo aakulu ngati chikhatho chanu basi. Zikhatho zinayi zimenezo ndiye zanyamula moyo wa onse ali m'katimo. Mtunda woimira timaupeza ndi d = v² ÷ 2μg, pamene μ ikuimira kugwirana kwa tayala ndi msewu. Pa tala wouma tiike μ pa 0.7: pa liwiro la 100, galimoto iima itayenda mamita pafupifupi 56. Kukagwa mvula tiike 0.4: mamita 98, kutalika ngati bwalo la mpira. Apa sitinawerengere n'komwe mtunda umene galimoto imayenda dalaivala asanaponde buleki. Tayala likakhala lakutha, μ imatsikirabe pa msewu wonyowa, chifukwa mizere ija ntchito yake ndi kutulutsa madzi pansi pa tayala. Popanda mizere, tayala limangoyandama pamadzi, ndipo chiwongolero chimasanduka choseweretsa.

Ndiye gwadani muone. M'kati mwa mizere muli timabampu ting'onoting'ono. Tikafanana msinkhu ndi pamwamba pa tayala, ndiye kuti mzere watsala mamilimita 1.6 okha, tayalalo latha. M'mbali mwa tayala fufuzani manambala anayi, amene nthawi zambiri amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amauma ndi kukalamba ngakhale mizere idakalipo. Tayala likatha mbali imodzi yokha, likukuuzani kuti miyendo ya galimoto siinawongoke, mwina inamenya dzenje kapena inachitapo ngozi. Matayala anayi atsopano si ndalama yochepa, choncho mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa galimoto pokambirana.

Injini yaikulu, thumba lobooka

Lita imodzi ya petulo ili ndi majoule pafupifupi 34 miliyoni, koma injini imagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi okha poyendetsa galimoto. Yotsalayo imathawa ngati kutentha, kudzera ku radiyeta ndi ku paipi ya utsi. Inde, pa malita anayi amene amalume adzaimira pa mzere ku filling station, pafupifupi atatu ntchito yake ndi kutenthetsa mpweya.

Tiyeni tichite masamu ongoyerekeza. Galimoto A imayenda makilomita 18 pa lita, galimoto B imayenda 10. Zonse ziyende makilomita 40 pa tsiku kwa masiku 300, ndiye kuti makilomita 12,000 pa chaka. A imwa malita 667, B imwa 1,200. Kusiyana kwake ndi malita 533 chaka chilichonse. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo umene a MERA alengeza posachedwa, muone ngati B, imene wogulitsa akuti "ndakutsitsirani", ndi yotchipadi. Onjezani apo kuti msonkho wa ku MRA pa galimoto yolowa m'dziko umakwera injini ikakhala yaikulu komanso galimoto ikakhala yakale.

Koma musathamangire kunena kuti yaing'ono ndiye yabwino nthawi zonse. Daihatsu Mira ili ndi injini ya 660 cc. M'tauni ndi yabwino zedi. Ikwezeni anthu anayi ndi matumba awiri a chimanga, muilozetse chitunda cha Chiweta kapena chochokera ku Chikwawa, mudzamva ikulira. Kukwera phiri kumafuna mphamvu ya mgh, ndipo m akakula, injini yaing'ono iyenera kuzungulira mothamanga kwa nthawi yaitali. Kwa ine, banja loyamba kumene limene limapitanso kumudzi lingayang'ane pakati pa 1,000 cc ndi 1,500 cc, ndipo lisankhe mtundu umene masipeya ake ali mbwee mumsika. Galimoto yokongola imene sipeya yake iyenera kuchita kuitanitsidwa kunja imakhala miyezi pamiyala, nkhuku zikuikira mazira pansi pake.

Uzani wogulitsa kuti asailize musanafike. Gwirani boneti, ikakhala yofunda, dziwani kuti wina anadzuka m'mamawa kuitenthetsa. Injini yozizira siinama. Zitsulo zikatentha zimafufuma, timipata timatsekeka, oyilo amafika paliponse, ndipo phokoso limene mukanalimva limabisala. Ikalira, pitani kumbuyo muone utsi. Wabuluu ukutanthauza kuti injini ikuwotcha oyilo. Wakuda ukutanthauza kuti petulo wachuluka kuposa mpweya, sakupsa yense. Woyera wokhuthala umene sukutha ngakhale injini itatentha ndiye woopsa, chifukwa madzi a mu radiyeta akulowa m'malo moyakira mafuta, kawirikawiri chifukwa gasketi yapsa. Kanthunzi kochepa m'mawa wa mu June si kanthu, ndi madzi wamba. Tsegulaninso chotsekera oyilo: mukapeza zoyererako ngati chambiko, n'kutheka kuti madzi ndi oyilo zasakanikirana. Chotsekera radiyeta chokha musachigwire injini ili yotentha. Madzi a m'menemo ali pa pressure, amatha kupyola 100°C osawira, ndipo mukatsegula amakuthovokerani kumaso.

Maginito ndi voltmeter

Bwerekani voltmeter ya ku labu, kapena multimeter ya okonza mafoni. Batire lodzaza bwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima. Injini ikalira, liyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, alternator sikutchaja, ndipo posachedwa mudzakhala mukukankha. Ma hybrid ngati Toyota Aqua ndi nkhani ina: poima amabweza ina mwa kinetic energy ija m'batire lalikulu m'malo moitaya yonse ngati kutentha, n'chifukwa chake amamwa pang'ono m'tauni. Koma batire lalikululo limakalamba ndipo ndi lodula, choncho lipimidwe ndi kompyuta musanagule.

Tengani kamaginito kofooka, mukakulunge ndi kansalu kuti musakale penti, muziyendetsa pa zitseko ndi m'mbali. Pa chitsulo kamamatira. Pamene kakuterereka pamakhala kuti anamatapo body filler kubisa pophwanyika. Mabampala musavutike nawo, ndi apulasitiki. Kenako suzumirani kunsi ndi tochi. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndipo madzi amchere amafulumizitsa dzimbiri. Dzimbiri lapamwamba si vuto lalikulu, koma likamafumbutuka pa tchesisi mukalikanda, tsanzikani.

Manambala a makilomita pa dashibodi akhoza kubwezedwa m'mbuyo. Kukhuzana kwa zinthu ndiye sikubwezeka. Galimoto ikamati yayenda makilomita 45,000 okha, koma labala wa pa buleki watha mpaka chitsulo kuonekera, chiwongolero chasalala ngati mpini wa khasu, mpando wa dalaivala wafwamphuka, khulupirirani labalayo.

Poiyesa pa msewu, zimitsani wailesi. Pamalo owongoka opanda anthu, woyendetsa aponde buleki mwamphamvu pang'ono. Galimoto ikakokera mbali imodzi, mabuleki sakugwira mofanana. Pedulo ikamanjenjemera pa kuponda wamba, madisiki sali osalala. Mukaimika, kanikizani kona imodzi ya galimoto n'kuisiya. Iyenera kukwera n'kukhazikika. Ikamapitiriza kudumphadumpha ngati sipuling'i ya ku labu ija, mashoko atha.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa makaniko. Pitani ndi wanuwanu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Ndipo ndalama isaperekedwe musanayerekeze nambala ya tchesisi imene yadindidwa pa galimoto ndi imene yalembedwa mu blue book, chilembo ndi chilembo. Dzina la m'bukumo lifanane ndi la pa chitupa cha amene akugulitsa, COF ikhale yosatha, ndipo kusintha umwini kukachitikire ku Road Traffic, wogula ndi wogulitsa onse alipo.