Phunziro: Momwe sikelo ya batire imapezera kulemera kwa thumba lanu

Cholinga: Pomaliza phunziroli mudzadziwa momwe sikelo imawerengera makilogalamu, ndiponso momwe mungaiyesere musanagulitse mbewu zanu.

M'kati mwa sikelo

Pansi pa malo oikapo katundu pali kachitsulo kotchedwa load cell. Pa kachitsuloka amamatapo timawaya tinayi topyapyala kwambiri totchedwa ma strain gauge, tolumikizidwa m'njira yotchedwa Wheatstone bridge. Mukaika thumba, kachitsulo kamapindika pang'ono moti simungaone ndi maso. Tiwiri mwa timawayato timatamuka, tiwiri timafinyika, ndipo magetsi otuluka amakwera molingana ndi kulemera kwa thumbalo. Magetsiwa ndi ochepa kwambiri, amayesedwa m'ma millivolt (mV). Ma mV 1,000 ndiwo amapanga volt imodzi.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti load cell imanyamula mpaka makilogalamu 100 ndipo yalembedwa kuti 2 mV/V. Izi zikutanthauza kuti ikanyamula makilogalamu 100, imatulutsa 2 mV pa volt iliyonse yomwe yalandira.

1. Ikalandira ma volt 5, pa makilogalamu 100 itulutsa 2 × 5 = 10 mV.
2. Choncho 1 mV ikuimira makilogalamu 10.
3. Thumba la soya likatulutsa 5 mV, kulemera kwake ndi 5 × 10 = makilogalamu 50.

Kuti mupeze kutamuka kwa kachitsulo, gawani magetsi otuluka ndi olowa: 0.005 ÷ 5 = 0.001. Kenako gawani ndi nambala yotchedwa gauge factor, yomwe pa timawaya totere imakhala pafupifupi 2. Yankho ndi 0.0005. Kachitsulo kakanakhala kotalika mita imodzi, kakanatamuka theka la milimita basi.

Pomwe mlimi amaluzira

Sikelo imangochulukitsa magetsi ndi nambala yomwe inaikidwamo. Nambalayo ikasokonekera, kapena wina akaisintha dala kuchoka pa 10 kufika pa 9, thumba la makilogalamu 50 lidzaoneka la 45. Pa matumba 10 mwataya thumba lathunthu. Chikhalirecho sikeloyo idzaonetsabe 0 ikakhala yopanda kanthu. Kuona 0 kokha si umboni woti sikelo ili bwino.

Ntchito ya m'magulu

1. Ikani sikelo pamalo olimba ndi osapendekeka.
2. Ikanipo chigubu chopanda kanthu, nkudina batani la TARE kuti ibwerere pa 0.
3. Thiranimo malita 20 a madzi oyesedwa bwino. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho sikelo ionetse 20.
4. Chotsani, bwerezani katatu ndipo lembani zomwe mwapeza.

Funso lokambirana: Sikelo ya wogula ikaonetsa 18 m'malo mwa 20, gulu lanu lingataye makilogalamu angati pa matumba 40?

Kumbukirani: ku Malawi sikelo zochitira malonda zimayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Funsani umboni wake musanakweze thumba pa sikelo.