Pamene Mbala Zathyola Nyumba

1, 2. (a) Kodi nchiyani chimene chimapweteka banja koposa kutayika kwa katundu? (b) Kodi kukayikira anthu popanda umboni kuli ndi ngozi yotani?

1 KATUNDU amene mbala zimatenga zikathyola nyumba angathe kuŵerengedwa: wailesi, njinga, mabulangete, makina osokera, kapena ndalama za sukulu zimene zinasungidwa kunsi kwa matiresi. Komabe, chimene chimapweteka koposa sichimalembedwa m'buku la apolisi. Ndicho kudziŵa kuti munthu wachilendo anaima m'chipinda chogona napisa manja ake m'zovala za banjalo. Nyumba imene inali malo opumulira imayamba kuopsa. Tulo sitibwera, galu akauwa usiku onse amadzambatuka, ndipo ana ena amakana kugona okha kwa milungu yambiri. Zimenezi nzachibadwa, ndipo makolo anzeru amalola ana awo kufotokoza mantha awo mmalo mwa kuwadzudzula.

2 Chotsatira chake kaŵirikaŵiri chimakhala kukayikirana. Mwini nyumba amayamba kukumbukira wantchito amene anachoka, mmisiri amene anakonza denga, kapena mwana wa mnansi amene samagwira ntchito. Ena amafika pa kupita kukaombeza, ndiyeno amabwerako ndi dzina la munthu popanda umboni uliwonse. Udani umene umabadwa motero umakhalitsa kuposa wailesi imene inabedwayo, ndipo umalekanitsa banjalo ndi anthu enieniwo amene lidzawafuna kwambiri m'masiku otsatira.

Maola Oyambirira

3. Kodi munthu amene wapeza nyumba yake itathyoledwa ayenera kuchitanji?

3 Munthu amene wapeza chitseko chothyoka sayenera kuthamangira mkati, pakuti mbalazo zingakhale zisanatuluke. Nkwanzeru kuitana mnansi, kudziŵitsa apolisi, ndi kusakhudza kanthu kufikira iwo atafika. Ngati apanduwo aloŵa eni nyumba alimo, ndipo anyamula zikwanje kapena mfuti, kulimbana nawo chifukwa cha katundu ndiko kuika moyo pachiswe. Apolisi adzafuna mndandanda wa zobedwa. Pamenepa mpamene banja limene linalemberatu manambala a katundu wake limapindula. Mwachitsanzo, foni ya m'manja iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya IMEI, imene imaoneka munthu akaimba *#06#.

Mbala Zimabwereranso

4. Kodi ofufuza anapezanji ku Kirkholt?

4 Ambiri amadzitonthoza kuti popeza abeledwa kale, mbala sizidzabweranso. Zimene zinapezeka ku Kirkholt, dera limene linali ndi nyumba zoposa 2,000 za boma m'tauni ya Rochdale ku England, zimasonyeza zosiyana. Mu 1986 ofufuza, kuphatikizapo Ken Pease, anayamba kupenda kuthyoledwa kwa nyumba kumeneko, akumafunsa obeledwa, anansi awo, ndi mbala zimene zinagwidwa. Iwo anapeza kuti nyumba imene yathyoledwa kamodzi inali pangozi yaikulu ya kuthyoledwanso kuposa nyumba imene sinakhudzidwepo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Mbalayo yadziŵa kale zenera lofooka, nthaŵi imene panyumbapo pamakhala popanda munthu, ndi katundu amene inalephera kunyamula ulendo woyamba. Imadziŵanso kuti posapita nthaŵi padzakhala wailesi yatsopano pamalo a yakaleyo.

5, 6. (a) Kodi ndi njira ziti zimene zinagwiritsiridwa ntchito kumeneko, ndipo nchiyani chinatulukapo? (b) Kodi nchifukwa ninji mpanda wautali suli wokwanira?

5 Chotero kuyambira mu 1987 chisamaliro chinalunjikitsidwa pa nyumba zimene zinali zitangothyoledwa kumene. Zitseko ndi mazenera ake zinalimbitsidwa mwamsanga, ndipo katundu wa mkati anaikidwa zizindikiro. Mamita a magetsi ndi gasi oponyamo ndalama zachitsulo, amene anali nyambo yaikulu ya mbala, anachotsedwa. Ndiyeno, wobeledwayo atavomereza, eni nyumba zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziŵiri zoyandikana naye anauzidwa zimene zinachitika napemphedwa kuyang'anira nyumbayo ndi kunena chilichonse chokayikitsa. M'zaka zitatu kuthyola nyumba m'deralo kunatsika ndi pafupifupi 75 peresenti.

6 Kagulu ka anansi kameneko sikanafunikire ndalama. Kanangochita zimene akale ananena, kuti mnzako akapsa ndevu mzimire. Mnansi amene amakhala pakhonde masana amadziŵa nkhope za pamalopo, ndipo amazindikira msanga ngolo kapena galimoto imene yaima pamalo osayenera. Nzomvetsa chisoni kuti m'mizinda yambiri, kuyambira ku Lusaka kufikira ku Johannesburg, mipanda ya njerwa yatalika kwambiri kwakuti mabanja okhala moyandikana samadziŵana ndi maina omwe. Mpanda umachedwetsa mbala, zimenezo nzoona. Koma mbalayo ikangoudumpha, mpanda womwewo umaibisa kuti igwire ntchito yake mosatekeseka.

Kukhala Maso Popanda Kubwezera

7, 8. (a) Kodi ndi makonzedwe otani amene alipo ogwirizanitsa anansi ndi apolisi? (b) Kodi munthu ayenera kupeŵanji mbala ikagwidwa?

7 Makonzedwe akuti anansi aziyang'anirana nyumba, otchedwa Neighborhood Watch, anakhazikitsidwa ku United States mu 1972, ndipo anafika ku Britain mu 1982. Ku South Africa lamulo la apolisi la mu 1995 linafuna kuti pakhale mabungwe okambitsirana pakati pa apolisi ndi anthu a m'dera lawo. Ntchito ya mnansi m'makonzedwe otere ndiyo kuona ndi kunena. Kugamula mlandu nkwa khoti.

8 Malire ameneŵa amaiŵalika mosavuta pamene mfuu yakuti “Wakuba!” yamveka pakati pa usiku. Anthu otopa ndi kubeledwa amatuluka ndi miyala ndi zibonga, ndipo m'mdimamo palibe amene amafunsa mafunso. Anthu osalakwa, monga alendo osokera njira ndi odwala misala, aphedwapo mwa njira imeneyi. Ngakhale pamene wogwidwayo alidi mbala, aliyense amene waponyako mwala angaimbidwe mlandu wa kupha munthu, ndipo banja limene dzulo linali lodandaula kupolisi limapezeka likuperekera mmodzi wa ana ake chakudya kundende.