Maloboti kapena raundabauti?

Funso: Ndimapalasa kabaza kuchokera ku Msongwe kupita m'tauni. Mnzanga akuti maloboti amangochedwetsa anthu, mphambano zimayenda bwino popanda iwo. Kodi n'zoona? — Wowerenga wa ku Msongwe, Mzuzu

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sanalakwitse kwenikweni. Pamphambano ya misewu inayi pali malo 32 amene galimoto zingagundirane. Pa raundabauti ya mzere umodzi alipo 8 okha. Aliyense amachepetsa liwiro, n'kupatsa mpata wochokera kumanja, ndipo magetsi akathima raundabauti imagwirabe ntchito. Ku Drachten, m'dziko la Netherlands, katswiri Hans Monderman anachotsa maloboti, ngozi n'kuchepa.

Koma raundabauti imafuna kuti galimoto zizibwera mofanana mbali zonse. Msewu umodzi ukachulukitsa, enawo amangoti kakasi, kudikira mpata wosabwera. Raundabauti ya ku Area 18 ku Lilongwe inkathina mpaka anamangapo msewu wodutsa pamwamba.

Inu apanjinga ndiye muzichenjera kwambiri. Dalaivala polowa pa raundabauti amaponya maso kumanja kufunafuna galimoto, osati njinga ili pambali pake kumanzere. Kwa ana asukulu, okalamba ndi osaona, ine ndingasankhebe loboti yowaimitsira galimoto kuti awoloke.