Nyali ya ABS Ikakana Kuzima

Eni galimoto zakale a kwa Mlonyeni, tamverani. ABS ndi chipangizo choletsa mawilo kuuma pamene mwaponda buleki mwadzidzidzi, kuti chiwongolero chizimverabe. Mukaliza galimoto, nyali yake yachikasu iyenera kuyaka pang'ono ndi kuzima. Ikapanda kuzima, mabuleki agwirabe, koma ABS yaleka ntchito, ndipo pa msewu woterera wa dzinja mukhoza kukagwera mu ngalande.

Chitani izi:

1. Onani mafuta a mabuleki, fyuzi ndi batire. Batire lofooka nalonso limayatsa nyaliyi.

2. Kwezani galimoto ndi jeke, muikenso chochirikiza cholimba. Musalowe pansi podalira jeke yokha.

3. Chotsani wilo. Kuseri kwake kuli kasensa kowerenga liwiro la wilolo. Pukutani matope ndi tizitsulo tomatirirapo, ndipo onani ngati waya wake waduka. Chitani chomwecho pa mawilo onse.

Ikayakabe, pitani kwa makaniko wokhala ndi makina oyezera, ku Mchinji kapena ku Lilongwe. Koma nyali yofiira ya mabuleki ikayakira limodzi, musanyamule munthu, musayende. Itanani makaniko abwere pakhomo.