Phunziro 18: Pug, Galu wa Mphuno Yaifupi

Anzathu, galu wa kwathu tonse timamudziwa. Ali ndi miyendo yaitali ndi mphuno yaitali. Amalondera pakhomo, amapirikitsa anyani kumunda, ndipo amagona panja. Lero tiwerenga za galu wina. Dzina lake ndi pug. Potchula timati pagi.

Pug ndi galu wamng'ono. Akakula amalemera makilo 6 mpaka 8. Mchira wake ndi wopindika, maso ndi aakulu, nkhope ili ndi makwinya, mphuno ndi yophwatalala.

Kwao ndi ku China, kumene mafumu ankamusunga m'nyumba zao. M'zaka za m'ma 1500 anthu amalonda adapita naye ku Holland, kenaka adafalikira ku Ulaya. Masiku ano amagulitsidwa m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg. Mwina mbale wathu wa ku Joni angabwere naye. Mwina mwana wathu angapeze ntchito panyumba pamene pali galu wotere. Ndiye ndi bwino timudziwe.

Vuto lili pamphuno

Munthu akamva kutentha amatuluka thukuta. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Iye amadziziziritsa potulutsa lilime ndi kupuma wefuwefu. Galu wa mphuno yaitali amazizira msanga, chifukwa mpweya umadutsa bwino. Koma pug mphuno yake ndi yaifupi, ndipo zibowo zake ndi zazing'ono. Mpweya umadutsa movutika. N'chifukwa chake ambiri amaliza mkonono ngakhale ali maso. Anthu amaseka, koma si zoseketsa ai. Galuyo akuvutika kupuma.

Vutoli adalibweretsa ndi anthu, posankha agalu a nkhope yophwatalala kuti aziberekana okhaokha. Mu 2019 boma la Holland lidayamba kuletsa kubereketsa agalu a mphuno yaifupi kwambiri.

Nanga kuno kwathu? Kuchigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Pug akasiyidwa padzuwa tsiku lotere, angafe tsiku lomwelo.

Timusamale bwanji?

1. Mthunzi ndi madzi. Masana azikhala m'nyumba kapena pakhonde. Mbale ya madzi isaume.

2. Kuyenda. Aziyenda m'mamawa ndi madzulo basi. Tisapite naye kumunda dzuwa lili paliwombo. Chingwe chisagwire khosi, chizidutsa pachifuwa.

3. Chakudya. Pug ndi wadyera, ndipo akanenepa kupuma kumavutiratu. Timupatse kawiri pa tsiku, pang'onopang'ono. Nsima yokha sikwanira. Tiwonjezere dzira lophika, nyama, kapena kapenta wotsuka mchere. Anyezi ndi mafupa a nkhuku ophika tisamupatse. Tikamugwira m'mbali, nthiti zizimveka. Zikapanda kumveka, wanenepa.

4. Makwinya. M'makwinya mumabisala litsiro, ndipo mumabuka zilonda. Tipukutemo ndi kansalu konyowa, kenaka kouma.

5. Maso. Maso ake ali poyera, savuta kulasidwa ndi minga. Asalowe m'tchire. Diso likafiira kapena likatsinzina, tithamange naye kwa dotolo wa ziweto.

6. Katemera. Akakwana miyezi 3 abayidwe katemera wa chiwewe, kenaka chaka ndi chaka. Alangizi a ziweto atiuzenso mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba.

Akatenthedwa titani?

Galu wotenthedwa amapuma mwaphuma, amatuluka dovu, amadzandira, mwina kugwa kumene. Tisadikire. Timunyamule, timuike pamthunzi, timuthire madzi ozizira thupi lonse, ndi kumukupiza. Kenaka tipite naye kwa dotolo wa ziweto.

Chiwewe sichisankha galu

Galu wa m'nyumba ndi galu wa pabwalo, onse angatenge chiwewe. Munthu zizindikiro zikayamba kuoneka, sachira. Ambiri amene amalumidwa ndi ana. Galu aliyense akaluma munthu, titsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Tikatero tipite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono.

Tisanamulandire, tiwerengere

Pug ndi wofatsa. Amakonda ana, amakonda kukhala pafupi ndi mwini wake. Koma sasaka, sapirikitsa anyani, ndipo mbala siimuopa. Ntchito yake ndi kucheza ndi banja. Amafuna chakudya chabwino, mankhwala, ndi munthu wokhala naye masana.

Tsono banja likhale pansi lifunsane. Kodi tonse tikapita kumunda, atsala naye ndani? Kodi dotolo wa ziweto ali pafupi? Kodi dzira la galu silichotsa dzira m'mbale ya mwana? Ngati mayankho ali ovuta, kukana si mwano. Galu wa kwathu adazolowera dzuwa la kuno. Iyenso timupatse madzi, chakudya ndi katemera.

Mafunso

1. Kodi galu amadziziziritsa bwanji?
2. Chifukwa chiyani pug amavutika m'nyengo yotentha?
3. Galu akaluma mwana, choyamba tichite chiyani?

Ntchito

Lembani mau awa katatu: mphuno, mthunzi, katemera, chiwewe.

Werengani agalu onse a m'mudzi mwanu. Lembani amene adabayidwa katemera chaka chino ndi amene sadabayidwe. Mubwere nazo paphunziro lotsatira, kuti tikaonane ndi alangizi a ziweto.